Nyimbo za Anastazia pa Fulashi

Lolemba, 2 Disembala

Mitambo yayamba kuda chakum'mawa. Laputopu nayo akuti yadzaza, ikuyenda ngati nkhalamba inzanga. Ndiyisese madzi asanatitsekere kuno ku Makhanga. Chofunika m'menemo n'chimodzi basi: mawu a malemu mkazi wanga Anastazia, nyimbo khumi ndi zinayi za Chisena zomwe ndinamujambula akupeta mpunga.

Pulani: mafulashi awiri. Imodzi m'chigubu chakudenga momwe ndimasungira ziphaso. Inayo kwa mwana wanga Juliana ku Blantyre, kosafika madzi.

Lachiwiri, 3 Disembala

Ndakopera. Ndangokoka tizithunzi ta nyimbo tapasikirini n'kuponya m'mafulashi, osatha ndi mphindi yomwe. Ndadziyamikira ndekha, nanga ndikauza ndani? Ya Juliana ndapatsira Shadreck wabwato, akaikweze minibasi ku Bangula.

Lachinayi, 5 Disembala

Tsiku lochotsa mapulogalamu akale. Yophunzirira kutaipa, yapita. Ziwiri zolimbana ndi mavairasi, zomwe zimangokangana ngati akazi apamitala, zapita. Ija yojambulira mawu inandifunsa m'Chingerezi ngati ichoke ndi katundu wake yense. Ndinati inde, si zonse zili pa fulashi? Makina apepuka.

Lachisanu, 6 Disembala

Mvula tsiku lonse. Sindinalankhule ndi munthu.

Loweruka, 7 Disembala

Juliana waimba foni. Chichokereni maliro timangopatsana moni wa mphindi imodzi, ndiye ndinasangalala. Koma anati, "Ababa, mufulashi muno mulibe nyimbo. Mwakopera tizikwangwani tolozera kumene nyimbozo zili. Zenizenizo zatsala m'laputopu."

Ndatsitsa chigubu. Chimodzimodzi. Ndafufuza m'laputopu monse, mulibe. Zinkakhala m'kati mwa pulogalamu ija. Ndazifufuta ndekha, ndi chala changachi, ndili wokondwa.

Lamulungu, 8 Disembala

Sindinapite kutchalitchi. Ndayesa kuziimba kuti ndilembe mawu ake. Yachitatu, ija ankaikonda, sindikukumbuka poyambira. Zikundiwawa kuposa tsiku tinamuika.

Lolemba, 9 Disembala

Waimbanso Juliana m'mawa. Akuti ndizimitse laputopu, ndisaiyatsenso ngakhale pang'ono. Mnzake wakuntchito, Edmund, nthawi zina amabweza zofufutidwa, koma sakulonjeza. Ndinati ndimupatsira Shadreck mawa.

"Ayi, musapatsire munthu. Ndibwera ndekha Lachitatu, msewu usanaduke."

Zaka ziwiri osaponda pakhomo pano.

Ndinamuuza za nyimbo yachitatu ija. Iye anaiyamba, motsitsa, pomwe amayi ake ankayambira, n'kupumira pomwe iwo ankapumira. Ndinangomuthokoza m'Chisena kuti takhuta, mwananga.

Laputopu ndaikulunga m'chitenje, ili m'chigubu kudenga. Ndatsegula zenera la kuchipinda kwa Juliana. Tsache lija sindikudziwa ndinaliika pati.