Mista Zuze pa Ayezi

Loweruka, 23 Novembala

Joy wabwera koma ngati sanabwere. Kuchokera kwa amayi ake ku Balbriggan mpaka kwanga kuno ku Ongar, mu Dublin, maso pa foni. Ine: “Sukulu ikuyenda?” Iye: “Fine.” Basi. Mwana wa zaka 12 kuyankha bambo ake ngati wamuimitsa wapolisi.

Ndasuzumira pa fonipo. Zibambo zavala ngati zikupita kunkhondo, zikutsetsereka pa ayezi, kulimbirana kanthu kosaoneka ndi ndodo. Akuti ice hockey. Wamuphunzitsa ndi Ryan, mwamuna watsopano wa amayi akeyu.

Pokamusiya, amayi akewo, Mavis, andiimitsa pakhomo. “Bambo a Joy, Khirisimasi ikadutsa mwanayu azisankha yekha ngati akufuna kumabwera kwanu Loweruka. Ine sindimukakamizanso.” Ndangoti chabwino. Chabwino chake chiti? Loweruka ndi lokhalo landitsalira.

Lachiwiri, 26 Novembala

Pa break ku warehouse ndayamba kuonera hockey ija, kuti mwina tizipeza pochezera. Mnzanga Tarsizio kuseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. “Aise Fiskani, ayezi amene umamudziwa iwe ndi wa mafirizesi a pa depoti ya Kasungu!” Aseke, alibe mwana.

Kampira kake nkakuda, kaphwatalala, akuti puck. Maso anga sakukapeza, ndimangoona anthu akukuwa ndiye kuti chalowa. Awiri anavula magolovesi nkuyamba kuswana, refa ali phee kuonerera. Atatopa anawatsekera m'kabokosi five minutes, nkutuluka ngati sikunachitike kanthu. Zodabwitsa: break inatha osadziwa.

Lachisanu, 29 Novembala

Puck ndayamba kuiona! Chinsinsi nkuyang'ana kumene mitu yaloza.

Magemu akuluakulu sachitika muno mu Dublin, amachitikira ku Belfast, two hours pa basi. Joy sanaonerepo maso ndi maso, Ryan amangolonjeza. Ndagula matikiti awiri a Lamulungu pa 8 Disembala. Kamodzi kokha ndimutsogolereko mzunguyu.

Loweruka, 30 Novembala

Wandikumbatira. Joy! Ndinaiwala kuti tsitsi lake limanunkhira kokonati.

Walankhula masana onse, Chingerezi chothamanga, ine kuyankha m'Chichewa, ndipo tamvana. Akuti gemu ya pa 8 ndi yapadera: timu yapakhomo ikagoletsa chigoli choyamba, aliyense amaponya chidole pa ayezi, amazitolera nkukapatsa ana odwala. Posakasaka charger m'chikwama chake, ndaona khutu la Mista Zuze. Kachidole ka chimbalangondo kamene ndinagula tsiku lomwe anabadwa, khutu lija ndinalisoka ndekha ndi ulusi wofiira galu wa aneba atalizomola. Kani amayendabe nako? Wabisa msanga, ine ndachita ngati sindinaone.

Ndati choponya ndimugulira chatsopano. “Promise tipita, Dad?” Theka Chichewa. Ndalumbira.

Lachitatu, 4 Disembala

Pakamwa panga pandipweteka. Ndinadzitama kwa Tarsizio, iye kusiya kutafuna.

“Belfast? Visa uli nayo?”

“Visa ya chiyani? Basi imangodutsa, palibe geti, palibe msilikali.”

“Aise, Belfast ndi UK. Kakhadi kako ka stamp, kokuloleza kukhala kuno, nka dziko lino lokha. Joy ali ndi pasipoti ya kuno, iwe uli ndi ya kumudzi. Msuweni wanga apolisi ofufuza mapepala anamutsitsa m'basi, mpaka lero mapepala ake sanalongosoke. Ndipo iwe si ukudikira yankho la citizenship?”

Ndafufuza pa foni ndili m'toilet. Zoona. Visa imatenga masabata, gemu ndi Lamulungu. Zaka zonsezi ndili kuno, osadziwa kuti pachilumba chimodzi chomwechi, pakati pa Dublin ndi Belfast, pali mpanda wosaoneka umene umasankha anthu. Ndine chitsiru, ndipo ndikuopa.

Lachinayi, 5 Disembala

Mtima umodzi ukuti ingokwera, ambiri amapita nkubwerako. Wina ukuti akakutsitsa mwana akuona?

Ndamuimbira Mavis, mwina ndimafuna wondilimbitsa mtima. “Mukagwidwa, mwana wanga atsale yekha pamsewu? Iyayi, bambo a Joy. Apatseni a Ryan matikitiwo.” Sanakalipe nkomwe. Bola akanakalipa.

Lachisanu, 6 Disembala

Mvula. Ndaonera magemu awiri akale, sindikudziwa chifukwa chake.

Loweruka, 7 Disembala

Ndamuuza. Ndinayamba ndi kumupatsa chidole chatsopano, choyera, cha riboni. Kenako za visa.

“There's no border, Dad. Tinapita ndi school trip.” Ndafotokoza za mapasipoti, za kakhadi, za msuweni wa Tarsizio. Amangondiyang'ana ngati ndikupeka. Mwana wobadwira kuno ungamuuze bwanji kuti msewu umene iye amadutsa ali mtulo, bambo ake ungawathetsere zonse? Sanalire. Wangoti, “You promised,” nkuvala jekete. Inali isanakwane ngakhale 2 koloko.

Ryan anabwera kudzamutenga pa galimoto, ndamupatsa matikiti aja. Wandigwira paphewa: “Sorry, Fis, ndikutumizira video.” Ndi munthu wabwino, ndiye chikundiwawa kwambiri. Akanakhala chimbalangondo ndikanapeza pomuda.

Lamulungu, 8 Disembala

Sindinapite ku Misa. Ndalipira kuti ndionere gemu pa foni, 4 koloko, nditakhala pabedi, chitseko chotseka. Ndinati ndizifufuza nkhope ya Joy pagulu la anthu. Koma gemu itayamba ndinaiwala, Mulungu andikhululukire. Anyamata athu a Belfast anapanikiza, goloboyi wa enawo akungotchinga ngati khoma. Kenako nambala 19 anazemba awiri, nkuimenya, puck mu neti! Ndinalumpha, kukuwa “Chalowa!” mpaka mayi wa chipinda chinacho kugogoda khoma. Zidole zinayamba kugwa ngati matalala, ayezi yense osaoneka. Ndinaseka ndekhandekha, misozi m'maso.

Pa break video ya Ryan inafika.

Joy waima pampando, akukuwa chigoli chomwe chija ndinakuwa ine. Waponya choyera cha riboni. Kenako watsegula chikwama. Ryan akumveka akuti, “You sure, love?” Joy watulutsa Mista Zuze, osamuyang'ana nkomwe, nkumuponya ndi mphamvu zonse. Wadutsa pamwamba pa galasi lotchinga bwalo, wagwa chagada, watsetsereka pa ayezi. Khutu la ulusi wofiira likuoneka bwinobwino. Munthu wa fosholo wamukokolola pamodzi ndi zinazo, nkuthira m'thumba.

Ndaibwereza kangapo. Ndamulembera Joy: “Loweruka ndidzakutenge nthawi yanji?” Timizere tiwiri tasanduka tabuluu. Wawerenga, basi.

Ndikulemba izi gawo lomaliza langoyamba. Ili 2-2, ndipo mmodzi wathu amutsekera m'kabokosi. Foni ndaitsamiritsa pa kapu. Sindinathimitse.