Ambewe a m'foni

Lolemba, 9 Junyu

Chisanu choopsa. Kachewere wakudimba wapsa masamba.

Koma lero ndalira ndi chimwemwe. Pa foni palowa mensaje ya nambala yachilendo, mwana wanga Efigénia ndiye wandiwerengera, ine manja ali m'nyemba. Munthuyo akuti ndi Mbewe, m'bale wa malemu amuna anga aRogério, amakhala kutsidya ku Dedza. Anaona foto ija ndinaika pa Fesibuku tsiku limene mwanayu analimbitsidwa kutchalitchi ku Fonte Boa, ija ndinalemba kuti Nambewe wanga wakula. Akuti nkhope ndi ya bambo ake yeniyeni.

Chimwalirire aRogério, abale awo zii, ngati tinafera limodzi. Lero wina watikumbuka. Ndamuuza mwana kuti ayankhe mwaulemu, amenewo ndi atate ake aang'ono. Mfunda sunama.

Lachinayi, 12 Junyu

AMbewe amutumizira mwana megasi a intaneti, ati zowerengera za kushikola. Foni tsopano sichoka m'manja. Kuseka yekha kuseri kwa nkhokwe, nyemba zikupserera pamoto. Ndamukalipira, koma pang'ono. Zaka khumi ndi zitatu, wopanda bambo, ndimulandenso kachimwemwe aka?

Ndinati ndiwathokoze ndekha. Kuimba, osayankha. Alemba kuti mafoni a ku Malawi amavuta, bola kulemberana.

Lachiwiri, 17 Junyu

Mtima suli m'malo.

Ndinatenga foni kuti ndiimbire wogula kachewere. Mensaje zonse za aMbewe zafufutidwa. Kumufunsa mwana, ati foni inadzaza. Uku akukanda khutu. Iwe, ndinakubereka ndekha, ukamanama umakanda khutu chiyambire uli kumsana.

Dzulo anandifunsa kuti shapa, minibasi ija yopita kumalire ku Kalomwe, amakwerera pati. Ndinayankha osaganiza.

Mbewe wa kwa yani? Amayi ake ndani? AMbewe adzaza kuyambira kuno mpaka ku Ntcheu. Bwanji sindinafunse tsiku loyamba lija? Kupusa ine.

Lachisanu, 20 Junyu

Ndili ku Lifidzi kwa alamu aPatrisio, akulu awo a aRogério. Ndawapeza akukonola chimanga. Atchula mbumba yonse, amoyo ndi akufa. “Ku Dedza tilibe munthu, alamu. Amene anathawirako nthawi ya nkhondo tinamuika komweko.”

Ndinati nanga dzina la aRogério walidziwa bwanji? Pamenepo ndinakumbuka. Foto ya pachiliza, dzina likuwerengeka bwinobwino. Foto ya mwana atavala zakushikola, chikwangwani cha shikola kumbuyo kwake. Ndinaika ndekha, kufuna kuti anzanga a kwaya aone kuti wamasiye akulera. Ndamupatsa mfunda, dzina, nkhope, ndi khomo la shikola. Iye anangotola.

Shapa yobwerera yandisiya. Foni ndinaisiyira mwana. Taimba pa foni ya alamu, ikungolira.

Loweruka, 21 Junyu



Kufika mmawa, pakhomo zii. ARosita oyandikana nafe ali pa mtondo: “Wapita kwa atate ake aang'ono, wanyamula tambala ndi kathumba ka nyemba. Ati mukudziwa.” Mayo ine! Tambala wanga wofiira uja. Kwa abale sitipita chimanjamanja, ndine ndinamuphunzitsa.

Mwamwayi alamu anandiperekeza. Pa mota, njinga yamoto, mpaka ku Kalomwe, ine Tikuoneni Maria osamaliza ngakhale mmodzi. Kumeneko anthu piringupiringu, osintha ndalama, malole, anjinga. Ndimupeza bwanji? Anandithandiza ndi tambala, analira kuseri kwa lole. Mwana wanga khale pa mwala, wavala diresi la kutchalitchi, nyemba pamiyendo. AMbewe aja anamuuza adikire pamenepo, kubwera wanjinga womudutsitsa njira yam'tchire, osati pa geti la malire. Ati kukamugulira nsapato, asandiuze kuti ndidzadabwe.

Ndinafuna kumuthira mbama. Ndinangomukumbatira, tambala akuphiriphitha pakati pathu.

Pobwerera anandinong'oneza: “Ndinkaopa, amayi. Koma munati akulu sitiwakana.”



Lamulungu, 22 Junyu

Ku Misa sitinapite. Takhala pa mphasa awiri, foni pakati. Wandiuza zonse, mmene munthu uja ankamufunsira ngati ndimagona msanga, ngati pakhomo pali mwamuna. Ndamuuza kuti ulemu uli ndi malire. Munthu akati usauze amayi ako, pomwepo thamanga udzandiuze, kaya ndi Mbewe, kaya ali ndi imvi mpaka m'mphuno. Wolakwa si iwe. Ndabwereza kangapo kuti zilowe.

Mafoto onse tachotsa, wondionetsa podina ndi iye. Nambala ija alamu ati tisafufute, mawa tikaionetse ku polisiya ku Ulongwe. Tambala tamumasula, akutsimphina.

Ndimati zatha. Ndinayambanso kuganiza za kachewere.

Kenaka foni yalira. Nambala ina. Ndawerenga ndekha, mwana ali kumadzi.

“Alamu, munathamangatu dzulo. Chitenje chobiriwira chija chimakukhalani. Moni kwa Nambewe.”

Anali pomwepo ku Kalomwe. Mwina ndinamugunda phewa podutsa, mwina ndinamufunsa ngati waona mwana. Iye akutidziwa tonse, ine nkhope yake sindiidziwa.

Mwana kushikola ndizimuperekeza ndekha, kachewere aole. Koma kumadziko wachedwa. ARosita anapita pambuyo pake, abwera kale. Ndikaone