Maboo a Firiji Amene Munati Atsekedwe

Wakefield,
14 Novembala

Achimwene a Yotamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kawale. Kodi msana uja unasiya kuwawa? Ife kuno tadzuka, koma ine mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanakulalatirani, ndipo inu mukanadula.

Mukuidziwa kalavani yakale ija, ngolo yogonamo yokoka ndi galimoto, imene alamu anu a Elton anagula, yoti tizipita nayo kunyanja ndi a kumpingo. Yangokhala panja pa nyumba ngati khola la nkhunda. Mukuidziwanso firiji yake, yoyendera batire, magetsi ndi gasi, poti mwakhala mukuikonza inuyo pa vidiyo Loweruka lililonse. Ine ndinanena kuti tiitane munthu wa mapepala a gasi. A Elton anandiseka, amvekere mlamu wawo wakhala pa magetsi zaka makumi awiri, mzungu adzawauza chiyani.

Mbali ya magetsi a m'nyumba inali itafa kale. Munawauza kuti alumikize ku batire ndi waya amene anali naye, fyuzi adzaika pambuyo. Wayayo anasungunuka tsiku lomwelo, kalavani yonse fungo la pulasitiki. Kodi pamenepo simunaope? Ayi ndithu, munati basi ayatse ya gasi.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi maboo aja. Kuseri kwa firiji, kukhoma la kunja, kuli timawindo tiwiri ta mipatamipata. Inu mutationa pa chithunzi munati makoswe alowera pamenepo n'kudya mawaya, atseke. A Elton, omvera mlamu kuposa mkazi wawo, anamata lata ndi tepi mpaka mpweya osadutsa. Achimwene, amenewo ndi maboo otulukira utsi wa gasi! Utsi wake suoneka, sununkha. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi ya Juni.

Tsono mukudziwa kuti Amayi chibwerereni kudzationa, m'nyumba muno amati mwachuluka phokoso la mwana wathu Shirley ndi TV yake. Anaikonda kalavaniyo. Masana amakhala m'menemo ndi Baibulo ndi bulangete, chitseko chotseka chifukwa cha kuzizira, thobwa lawo lili m'firijimo.

Lachinayi ndinaweruka kuchipatala cha m'ma fili koloko masana. Ndinawapeza atagona pa mpando, atasanza pa chitenje, akulephera kudzutsa mutu. Anandiuza motsitsa kuti ndi malungo, ndiwapatse panado. Malungo ku Wakefield, mu Novembala! Nanenso nditangokhalamo pang'ono mutu unayamba kugunda, m'pamene ndinazindikira. Ndinawakoka m'khwapa mpaka pa udzu, ndikukuwa ngati wamisala, aneba n'kuitana ambulansi.

Agona masiku awiri pa okosijeni, m'chipatala chomwe ndimagwiramo ntchito. Dokotala anandiuza kuti ndikanachedwa ola limodzi bwenzi tikukamba zonyamula maliro pa ndege. Anzanga a pa wodi anandifunsa ngati m'kalavanimo munali alamu ija yolira ikamva utsi wa gasi. Ndinangoyang'ana pansi, ine namwino wathunthu. Inalimo, koma a Elton anaichotsa batire sabata yatha poti inkalira pafupipafupi, ndipo inu munawauza kuti tizipangizo takale timalira tokha.

A Elton ndathana nawo kuno, musadandaule. Sakudya bwino, ndipo sindikuwanyengerera. Munthu wa gasi anabwera dzulo, anachotsa malata aja, anagwira mutu, n'kudula paipi yonse. Firijiyo yapita kotaya zinyalala.

Sindikukana kuti ntchito mumaidziwa. Nyumba ya Amayi munaika magetsi ndinu, ndipo mpaka lero sinavutepo. Koma chinthu chimene simunachigwirepo ndi manja, mungachikonze bwanji pa foni muli ku Lilongwe? Kunena kuti ichi sindikuchidziwa kukanakuchotserani chiyani?

Pempho langa ndi limodzi. Amayi atuluka, ali m'chipinda cha Shirley, akuyenda pang'onopang'ono. Iwo akudziwa kuti inali gasi, koma sakudziwa amene anati maboo atsekedwe. Dzulo lomweli amauza amayi a kumpingo obwera kudzawazonda kuti ali ndi mwana ku Malawi wodziwa magetsi, amakonza zinthu za ku Ulaya pa foni. Anawonjeza kuti Yotamu akanakhala pafupi, zimenezi sizikanachitika. Ine ndinatuluka kukalira kubafa.

Sindiwauza ine. Muwaimbire Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, muwauze ndi pakamwa panu. Foni ndidzawagwirira ndine.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali ku Mchesi, ndi kwa amalume a Thompson. Shirley akuti moni kwa asuweni ake onse.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,
Constance