Nkhonya ya pachifuwa

Lachiwiri, Novembala. Kuno kudziko la eni kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhale pansi tsiku lonse.

Ndinaperekeza asisi Edina, omwe samva, ku Highfields, kwa anthu a kafukufuku wofuna kudziwa momwe achipatala amalankhulirana ndi anthu osamva. Anandipempha ndikhale chete pakona, akuti akufuna maganizo a mwiniwake. Womasulira anali mayi wachifundo, koma chinenero chake cha manja ndi cha kuno. Asisi amalankhula ndi manja a kwathu ku Dedza, amene tinakula nawo.

Atafunsidwa za thupi lawo, asisi anafumbata nkhonya n'kusisita pachifuwa mozunguliza. Womasulira anati, "Akuti pepani." Wofufuzayo anamwetulira, nati palibe chopepesa, n'kupita ku funso lina.

Sikupepesa kumene kuja. Kwa ife zikutanthauza kuti pachifuwa pakupweteka, ndipo achita zimenezi sabata yonseyi akakwera masitepe. Ine ndinangokhala pakona paja osawakonza.

M'basi asisi anandigwira dzanja, akusangalala kuti lero awamva. Ndinangoyang'ana pawindo.

Nditawauza azakhali kunyumba, akuvala za kuntchito, anati, "Iwenso Tamanda, pakamwa unasiya pabwalo la ndege? Lachisanu kwa dokotala udzakhalanso phee ngati mpando?"

Asisi adzaonana ndi dokotala Lachisanu m'mawa, koma ine ndili kuntchito mpaka masana, azakhalinso chimodzimodzi. Kudzakhala womasulira wa kuno. Abwana anga sindinawapemphepo kalikonse chiyambire. Mawa ndiwadikirira pakhomo la ofesi ndisanavule jekete, ndiwapemphe chilolezo cha Lachisanu, chifukwa ndikangoyamba kukolopa ndiye kuti basi, sindi…