Tsiku Losaka Podontha m'Boti la Bambo

Okondedwa Azakhali Gwenda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Perth, komwe mvula mumangoimvera pa wailesi. Kuno ku Kettering boti la matanga la Bambo, alongo anuwo, linayambanso kudontha m'kachipinda. Loweruka tinasaka podontha monga mwa kale: ine pamwamba kuthira madzi ndi paipi, iwo m'kati ndi choko, kuti akaona dontho alembepo n'kugogoda. Ndinathira mpaka mkono kulema, kugogoda osamveka. Nditatsika ndinawapeza atanyowa mapewa, choko chili m'manja.

"Akapitawo, mwagona pa ntchito?" ndinawaseka.

"Gwenda," anatero akundiyang'ana ngati ndine inu, "kawauze Amayi aanule zovala, mvula yabwera."

Podonthapo panali pazenera, ndamatapo. Zinazo, za Bambo, adokotala adzatiuza Lachinayi. Bwerani, tikiti ya ndege musadikire kuti itsike mtengo.

Ndine mwana wanu,
Merrin