Nthutumba ya ku Kaumbwe

Lolemba, 3 Juni

Tsiku la 20 osadya nyama. Dzila ayi, mkaka ayi. Nyemba, chibwabwa chotendela, mawa lake nyemba.

Ndilembe pano chifukwa chake, poti kufotokozela anthu ndatopa. Zaka 19 ndakhala ndikupha mbuzi za michopo, nyama yowotcha ija, pa siteshoni ya Nyimba. Mwezi watha ndinang'amba mbuzi ina, m'mimba munali kamwana, kanaphiliphitha m'manja mwangamu. Sabata yomweyo ndinagwa ndi chizungulile. Nesi akuti bipi yakwela koopsa, chepetsani nyama ndi mchele. Ine zochepetsa sindizidziwa, ndinasiya zonse. Zina ndinawelenga ndekha pa foni.

Mkazi wanga Jennipher akuti, "A Sakala, mwasanduka mbuzi zomwe munali kupha zija." Ndamuyankha zoipa.

Mkamwini wathu Godwin waimba foni. Loweluka tipite ku Kaumbwe tikaone mwana amene Tasila wathu wabeleka. Wamwamuna.

Lachinayi, 6 Juni

Ndadutsa pa siteshoni. Abednego, amene ndinamusiyila mpeni, kukuwa: "Abusa a masamba! Nanga mbewa? Mbewa si nyama, bwelani!" Onse kuseka. Fungo la michopo linandigwila pakhosi, malovu kudzala mkamwa. Ndadzida.

Loweluka, 8 Juni

Zaipa.

Jennipher anandiuza pa minibasi kuti ndikafika ndiwanong'oneze msanga asewele athu, makolo a Godwin, za kadyedwe kanga. Ndinati sindinong'ona ngati wakuba. Tinafika, ndinanyamula mwana, wolemela bwino, mphuno yanga yeniyeni. Sindinamve n'komwe nkhuku ikulila kuseli.

Mbale zitabwela, a Mumba, bambo a Godwin, anandikankhila nthutumba. Ulemu wa mlendo wamkulu. Ndinati, "Sindidya." Anaseka, nati tengani asewele. Ine magazi kuwila: "Ndati sindidya. Mwapha chinthu chamoyo pachabe."

A Mumba anatenga nthutumba ija, analuma theka ine ndikuona, anatafuna pang'onopang'ono, nabweza theka linalo m'mbale yanga. "Onani, sindinafe." Apo ndi pamene ndinamva zimene akuganiza. Ndikanadya kathekako zikanathela pomwepo. Koma ine, wonena zoona uja, ndinayamba kulalika za kamwana ka mbuzi. Amai Rachael, mkazi wao, anatenga mwana pamiyendo pa Jennipher nalowa naye m'nyumba. Sanatulukenso.

Njila yonse yobwelela Jennipher sanandilankhule.

Lolemba, 10 Juni

Tasila waimba akulila. Mudzi wonse akuti bambo ake anakana chakudya poopa kuthililidwa mankhwala. Apongozi ake amuuza kuti, "Ngati kuno ndife mfiti, longedza uzipita kwanu." Godwin ali duu, sakunena kanthu.

"Atate, ukwati wanga uthe chifukwa cha nkhuku?"

Ndinati si nkhuku, ndi moyo. Anati, "Nanga wanga si moyo?" Foni thi.

Lachitatu, 12 Juni

Tsiku la 29. Ku kiliniki akuti bipi yatsika, pitilizani bambo. Mutu sukuwawanso. Ndikondwele ndi ndani?

Ndaimbila a Mumba kuti ndifotokoze bwino. Anamvetsela mpaka kumapeto, nati, "Munthu wapha mbuzi zaka zonsezi, lelo aope nkhuku yanga yokha?" Ndinakwezanso mawu. Pakamwa pangapa!

Lachisanu, 14 Juni

Jennipher watsegula pakamwa lelo. Akuti njila ndi imodzi: ndinyamule nkhuku yapakhomo pano, ndikapepese, aphike, ndidye onse akuona. Ndinati ndipita ndi thumba la nshawa. Akuti, "Munakana nshawa kapena munakana nkhuku?"

Yaikulu tili nayo imodzi, thadzi lofiila lija ndimalitcha Madamu chifukwa cha kayendedwe. Tsiku lomwe ndinasiya nyama ndinaliuza ndi pakamwa panga kuti iwe udzafa ndi ukalamba. Limabwela kudzadya gaga m'manja mwanga.

Ndazungulila nyumba kaya kangati. Ndikakana, Tasila abwela ndi chikwama ndi khanda la milungu itatu. Ndikavomela... Kale ndikudya nyama palibe analila chifukwa cha ine. Lelo chifundo changachi chaliza mwana wanga, ndipo chikupha nkhuku yachiwili.

Loweluka, 15 Juni

Madamu ndamumanga miyendo ndi luzi. Sanavute n'komwe. Amandidziwa.

Sondo, 16 Juni

Tapita, tabwela.

Ndinagwada pabwalo, anthu atadzaza ngati pali mlandu. Ndinati ndinalakwa, pakamwa panga m'poipa, mankhwala sindinaganizileko. A Mumba analandila Madamu, anamuyeza m'manja, nati wanona. Kenaka anandipatsa mpeni. "Akatswili muli pano, ife tivutikilenji?" Sanali kunyoza, anali kundilemekeza. Ndiye zowawa zake.

Ndimati manja anjenjemela. Ayi. Phazi pamapiko, phazi pamiyendo, kamodzi basi. Manjawa sanaiwale kanthu.

Nthutumba inabwelanso kwa ine. Ndinadya yonse. Ndilembe zoona poti buku ili ndi langa: inakoma.

Amai Rachael anatulutsa mwana, anamuika pamiyendo panga. Tasila anaseka, maso ali otupa. Godwin anapeza pakamwa tsopano, "Atate, mwachita bwino." Potipelekeza, a Mumba anandigwila paphewa: mu Ogasiti kuli ubatizo wa mwana, asunga mbuzi, ndipo dzanja ngati langa sanalionepo. Ndinangoti tamva. Ine, Sakala, wosabisa mawu.

Lolemba, 17 Juni

M'mawa ndatuluka ndi gaga m'manja, ndaitana. Ndinaima pamenepo mpaka Jennipher anabwela kudzanditsegula chikhatho, nathila gaga uja m'beseni.

"Ndiphike chiyani?" Sanaseke.

"Nyemba."

Anatenga mbale ziwili za nyemba kukaviika, osati imodzi.

Ogasiti ali kutsogoloku. Tsiku loyamba osadya nyama.