Makiyi a Bambo Ali Mkatimu

Okondedwa achimwene,

Moni nonse kumeneko. Muli bwanji, ndipo msana uja munkadandaula nawo unasiya? Nanga amayi akuona bwino chilandirireni magalasi atsopano? Kuno tilipo, kupatula ana omwe akupatsirana chimfine mosinthana ngati anachita kupangana. Kuntchito atisamutsira m'chipinda cham'mwamba chomwe zenera lake silitseguka, moti ikamakwana thu koloko tonse timakhala tapsa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Pa foni mukanayamba kuseka ndisanamalize, ine n'kudula. Papepala museka nokha, ine osamva.

Mukukumbukira tsiku lija, miyezi iwiri yapitayo, tinkapita kumwambo wa mwana wanu wamkulu atamaliza maphunziro a unamwino? Inu munatsogola ndi alamu, ndiye zomwe zinachitika pomwetsera mafuta munangozimva kwa ena. Lero muzimve kwa mwiniwake.

Tinali m'galimoto ya bambo. Iwo ankayendetsa, apongozi anu aamuna atakhala kutsogolo, ine ndi amayi ndi apongozi anu aakazi kumbuyo. Bambo anauza mayi wothira mafuta kuti athire petulo wamba, monga achitira zaka zonse. Ine, mwini digiri, ndinatsitsa galasi n'kuwauza mayiwo kuti aiwale zimenezo, athire wodula uja wa nambala yaikulu. Bambo ananena mofatsa kuti injini yawo siifuna ameneyo. Ndikanakhala chete pamenepo, bwenzi kalatayi kulibe. Koma pakamwa panga mumapadziwa.

Ndinawapatsa phunziro lonse. Ndinati petulo wodula amapatsa galimoto mphamvu ndipo amayenda mtunda wautali. Ndinati yanga chiyambireni kumwa ameneyu imachita kuimba pamsewu. Kenako ndinatsekera ndi mawu omwe akundiwotchabe mpaka pano: kuti nzeru zawo n'za nthawi ija anthu ankaliza galimoto popukusa chitsulo kutsogolo. Apongozi anu anaseka. Sanaseke kwambiri, koma anaseka.

Bambo, munthu amene anayendetsa ambulansi zaka makumi atatu osagundapo ngakhale nkhuku, anatsika, nandipatsa makiyi, n'kukakhala kumbuyo pamalo panga. Ine chitsiru ndinayesa ndapambana. Ndinayendetsa popita ndi pobwera, njira yonse ndikuuza anthu kuti amvetsere mmene injini yafewera.

Tsopano imvani za kuno. Sabata yatha galimoto yanga, yoimba ija, inayamba kutsamwa pokwera chitunda cha kuntchito. Ndinapita nayo kugalaja pamodzi ndi amuna anga, alamu anu. Makaniko wake ndi bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, anthu amangowatchula a Sipanala. Asanatsegule n'komwe boneti, ndinawachenjeza kuti asayerekeze kunamizira mafuta, chifukwa galimotoyi siilawa petulo wa anthu wamba.

A Sipanala anatsegula kachitseko ka thanki, napukuta fumbi ndi chala pakapepala komatidwa mkati mwake, nandipempha kuti ndiwerenge ndine popeza ndikuoneka kuti sukulu ndinapita. Achimwene, zaka zinayi ndili ndi galimotoyi, kapepala kameneka ndinali ndisanakaonepo. Panalembedwa 91. Ine ndakhala ndikuumirira 98.

Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Akuti nambalayo siyeza mphamvu ya petulo. Imangosonyeza kuti petuloyo angapanikizidwe bwanji mu injini asanaphulike yekha nthawi yake isanakwane. Injini zina zimapanikiza kwambiri, monga za mpikisano ndi zina zokhala ndi chopopera mpweya chotchedwa thebo, ndipo zimenezo zimafunadi nambala yaikulu. Ukazimana zimagogoda kapena kufooka. Yanga siifika pamenepo, ndiye zowonjezerazo siizigwiritsa ntchito. Anati kuithira wodula kuli ngati kuvala nsapato zampira popita kubafa: sulakwira munthu, koma sufikanso msanga.

Mukuganiza kuti ndinagonja? Ayi ndithu. Ndinatulutsa kabuku kanga komwe ndinalembamo makilomita mwezi woyamba, kuwaonetsa kuti mafuta ankachedwa kutha. Iwo anangondifunsa mmene ndinkayendetsera mwezi umenewo. Ndinakumbukira. Poopa kuwononga petulo wodula, ndinkaponda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira pampando. Wosunga mafuta linali phazi langa, osati nambala.

Ndinayesanso komaliza. Ndinati nanga kufewa kwa injini komwe ndimakumva m'mawa uliwonse? Apa m'pamene alamu anu anayamba kutsokomola. Munthu amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo anaulula, maso ali pamatayala, kuti chiyambireni chaka chino akamapita kukamwetsa galimoto Loweruka amathira petulo wamba. Akuti ankafuna kundiuza, koma ndinkaoneka wosangalala kwambiri.

Werengani bwino miyezi, achimwene. Tsiku lija ndinkanyoza bambo pamaso pa apongozi anu, galimoto yanga yoimbayo inali itatha kale theka la chaka ikumwa petulo yemweyo amene bambo anaitanitsa.

Alamu anuwo sindinawayankhule masiku awiri. Iwo akuti sanapumepo chonchi chikwatirireni.

Vuto lenileni mukulifuna? Sefa ya mpweya inali bii ngati makala, mapulagi atatha, matayala awiri alibe mpweya wokwanira. Zinthu zitatu zomwezo n'zimene bambo ankandifunsa nthawi iliyonse ndikaimba foni. Ine ndinkayesa ndi moni wa anthu okalamba, n'kumayankha kuti zonse zili bwino, andipatsire amayi.

Zonsezi ndikanazimeza ndekha, pakanapanda ichi. Chibwerereni kuno, bambo pa foni amangoti ali bwino, n'kupereka foni kwa amayi. Amayi anandiuza kuti masiku ano bambo sayendetsanso, kuchipatala kokatenga mankhwala a BP amapita wapansi, ati kuyenda n'kwabwino pa thanzi. Inenso ndinavomereza, mpaka kuwayamikira. Titachoka kugalaja ndinayamba kufufuza buku la galimoto yanga kuti ndione ngati a Sipanala sananame. Ndinakhuthula chikwama chija ndinabwera nacho kumwambo. Buku sindinalipeze. Pansi pake, m'kathumba kong'ambika, munali makiyi a bambo.

Tsiku lija titafika kunyumba ndinaimika galimoto, n'kuponya makiyi m'chikwama monga ndichitira ndi anga, m'mawa mwake n'kukwera basi. Makiyi apadera aja mukudziwa kuti anatayika kalekale. Ndinaimbira amayi. Anati ankadziwa chiyambire, koma bambo anawaletsa kundifunsa, analetsanso kuitana wosula makiyi. Akuti ananena kuti makiyi anapereka okha kwa wodziwa, wodziwayo akaona kuti n'koyenera adzabweza.

Miyezi iwiri, achimwene. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri akukwera chitunda cha kuchipatala ndi ndodo padzuwa, galimoto ili phee pakhomo, chifukwa mwana amene anamulipirira yunivesite ndi malipiro a udalaivala anafuna kuoneka wanzeru pamaso pa alendo.

Pempho langa ndi limodzi. Makiyiwo ali mu envulopu yomweyi, ndawakulunga m'kansalu. Musawasiye patebulo kapena kuwapatsira amayi, ndiponso musatume mwana. Mupite nokha, muwapatse m'manja, ndipo muwawerengere kalatayi yonse. Ndikukudziwani, mudzafuna kudumpha pena pondimvera chisoni. Musadumphe, ngakhale paja pa alamu anu. Ngati apongozi anu angapezeke tsiku limenelo, aitaneni akhalepo. Anamva chipongwe, amvenso izi.

Batire iyenera kuti inafooka pokhalitsa. Muwathandize kukankha, koma musawauze chochita. Akudziwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa namwino wathu watsopano ndi azing'ono ake, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anu onse awiri, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana ndi nkhope iti. Ana akuti moni kwa amalume. Alamu anu akuperekanso moni, koma ndawauza kuti kalata ino si yawo.

Bambo akakana kulandira makiyi, musawakakamize. Muwasunge, mundiuze, ndipempha tchuthi ndibwere ndidzawapereke ndekha nditagwada.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha Pulofesa, ngakhale pakadali pano dzinali mulisiye kaye.